Mutu Wolukidwa Theka

Nditangofika ku Kitwe ndili mtsikana, azakhali anandikokera pambali. "Kuno ku migodi, tsitsi lako likagwa uzitola wekha. Wokuluka ndi amene amadziwa pamene pali chipsera." Mpaka lero ndimatola.

Mdzukulu wanga, amene ndikulera kuno ku komboni ya Chimwemwe, ali ndi mnzake wa nyumba yoyandikana nafe. Ankalukana tsitsi Loweruka pansi pa mtengo wa mapeyala, ine ndili pawindo, ndikusankha nyemba zosankha kale. Mwana wa eni akeyo amagwada bwino popereka moni, ndipo n'chimene chinkandikayikitsa.

Tsiku lina pa holide, mutu uli pakati, mbali imodzi mizere, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala ngati nkhuku yothawa mphamba, mnzakeyo anamujambula n'kuponya chithunzicho m'gulu la pafoni la kalasi yawo. Mzere wina usanathe, anyamata anali atayamba kale kumuseka mmenemo.

"Unandifunsa?" anatero mdzukulu wanga.

"Iwe, n'zocheza chabe! Awe mwandi, wakwiya?" anatero mnzakeyo, akudabwa m'Chibemba.

"Mutu ndi wanga. Unandifunsa?"

Anadzuka n'kulowa m'nyumba, mutu uli theka. Ku Misa anapita atamanga duku ngati mayi wa bungwe. Ndinati ndimalize ine. "Ambuya, inu mumaluka za nthawi ya atsamunda." Ndinati nanga ku saluni? Anakananso. Apo ndinadziwa kuti mutuwo ukudikira manja amodzi okha, ndipo akapanda kubwera, ubwenzi wa kuyambira ku mkaka watha.

Mnzakeyo anabwera ndithu, maso ali pansi. Ndinamuimitsa pageti ngati wapolisi wa pamsewu.

"Foni."

Anandipatsa, ndinaimanga kunsonga ya chitenje. Iye n'kupita kwa mdzukulu wanga.

"Ndafufuta. Amene anasunga ndawauza afufute, koma sindingalumbire kuti amva. Ndinalakwa."

Mdzukulu wanga anavula duku, nakhala pamphasa.

"Usakoke."

Atamaliza, mutu unatuluka wokongola, nane ndinavomereza chamumtima. Ndinabweza foni ija.

"Ndikujambule?" anafunsa mnzakeyo.

"Ayi."

"Koma watchena, iwe!"

"Ayi."

Foni inalowa m'thumba. Ndinayang'anitsitsa chala chake chojambulira chija, sichinagwedezeke. Sindikuti ndimamukhulupirira. Ndikungonena zimene ndinaona.

Masiku ano amalukirana kuseri kwa nyumba, kumene kulibe windo. Akuti maso anga amawawotcha m'khosi, ndipo kuti kuyang'ana nakonso n'kofunika kupempha. Ndinapempha. Onse awiri anati ayi, akuseka mpaka chipeso kugwa.

Ndiye tsiku limanditalikira. Inu amene mwawerenga izi, mukadutsa ku Chimwemwe mudzandizonde. Mudzaime poonekera, munene mudzi wa kwanu ndi amene anakutumani. Mwina ndidzatsegula.