Gombe Lopanda Wosesa

Ku Bakos, mumzinda wa Alexandria, aliyense amene fani yake yasiya kuzungulira amadziwa khomo la a Wagdi. Kashopu kawo ndi kopanikiza, mawaya ali lendelende kudenga, ndipo eni akewo ndi bambo wamfupi, wadazi, wosalankhulalankhula. Mukawapatsa simbi yamagetsi yakufa, amayamba ainunkhiza kaye asanaimasule. Anthu amangowadziwa choncho basi. Sadziwa kuti bambo yemweyu, amene amaiwala ngakhale pamene aika magalasi awo, analenga dziko lathunthu, la zilumba zake, nyenyezi zake ndi milungu yake, ndipo akhala akulisamala kuyambira ali mnyamata wa tsitsi lodzaza mutu.

Dzikolo dzina lake ndi Marsuna, ndipo limatsegulidwa Lachisanu masana. A Wagdi akabwerako kumzikiti ankatsitsa chitseko chachitsulo mpaka pakati, n'kukankhira zipangizo kumbali kwa tebulo. Posakhalitsa ankafika mnzawo wa paubwana, a Nagi, oyendetsa takisi, Mkhristu, pamodzi ndi akazi awo a Ragaa, amene onse ankawatchula kuti mayi a Mina. Wachinayi anali Suheir, mchemwali wamng'ono wa a Wagdi. Aliyense anali ndi munthu wake ku Marsuna. A Wagdi ankafotokoza zimene anthuwo akuona, enawo n'kunena zimene achite, ndipo pakakhala chikayiko ankaponya dayisi ya mbali makumi awiri: nambala ikakwera zatheka, ikatsika zakanika. A Nagi ankayendetsa Baruk, chimphona chopalasa bwato koma chamantha ngati nkhuku. A Ragaa ankayendetsa Tamza, mbala yaikazi imene inkabera aliyense, makamaka Baruk. Suheir anali wansembe wa mulungu wa zitseko.

Za milunguzo a Wagdi anazisamala kwambiri kuyambira pachiyambi.

"Ndikatengera za kumzikiti, ndachimwa ine," anawauza a Nagi ali anyamata. "Ndikatengera za kutchalitchi, wakwiya iwe. Ndiye za ku Marsuna zisafanane ndi za aliyense. Zikhale zongopeka zenizeni."

Njira yawo yopekera chipembedzo inali yawoyawo. Sankayambira kumwamba, ankayambira m'manja mwa anthu. Ankadzifunsa kuti, kodi msodzi wa kumeneko amatani asanakankhe bwato? Mayi amati chiyani buledi akapserera? Akapeza mwambo, m'pamene ankakwera nawo kukafuna mulungu wake. Mwachitsanzo, anthu a ku Marsuna amagogoda chitseko potuluka, osati polowa. Chifukwa chake a Wagdi anachipeza pambuyo pake: mulungu wa zitseko ndi wosaona, ndiye amafunika kuuzidwa kuti m'nyumba mwatsala mopanda munthu, ayambe kulondera. Nyenyezi nazo ndi mfundo za ukonde waukulu umene umagwira nyanja yakumwamba kuti isagwe, ndipo mvula imagwa pamene ukondewo wang'ambika.

Chimene chinawavuta ndi imfa. Paradaiso ali ndi eni ake, moto uli ndi eni ake, chiweruzo chimodzimodzi. Ndiye anapeka chonchi: mwana akabadwa ku Marsuna amamuveka chigoba cha nkhono m'khosi, cholembedwa dzina lake. Akamwalira amayenda mpaka ku gombe lomaliza, n'kuvula chigobacho, kuchisiya pamchenga, n'kulowa m'madzi. Madziwo amamuiwalitsa zonse, ngakhale amene ankawakonda. Palibe mphoto, palibe chilango, palibe kukumananso. Tsiku limene anafotokoza zimenezi a Wagdi anali atadzimva kwambiri. A Ragaa anangolavula khoko la njere ya mpendadzuwa n'kufunsa kuti:

"Ndiye zigoba zonsezo zimangounjikana? Akusesa ndani gombelo?"

"Sindinaganizepo, mayi a Mina."

"Amuna inu! Kulenga dziko lonse, nyenyezi ndi nyanja, tsache osalenga."

Anaseka onse mpaka tiyi kutayika. Koma za akufazo zinakhala choncho, chifukwa panali lamulo limodzi loposa onse: chanenedwa patebulo sichibwezedwa, ngakhale ndi mwini dziko. Wapolisi wa lamuloli anali a Ragaa. A Wagdi akangoyesa kusintha kanthu mwakachetechete, mayiwa ankagogoda tebulo ndi dayisi yawo yobiriwira. "Aaa, ayi! Chaka chatha munati chilumba chimenecho chilibe zitsime. Lero madzi achokera kuti? Musatipusitse, bambo wa mafani."

Zaka zinapita choncho. Mina anakula n'kupita kukagwira ntchito kutali, ndevu za a Nagi zinachita imvi, koma Tamza anapitirizabe kumubera Baruk nsapato.

Kenako a Ragaa anadwala. Poyamba ankabwerabe atafunda shawelo, dayisi ikuwapulumuka m'manja. Kenako anasiya kubwera. Anamwalira nyengo yozizira, mvula ikumenya mazenera. A Wagdi ndi Suheir anapita kutchalitchi, anaima kumbuyo, ndipo nyimbo zimene sankazidziwa zinawaliritsa chimodzimodzi. Lachisanu lililonse kuchokera pamenepo a Wagdi ankatsitsabe chitseko mpaka pakati, koma tebulo osalichotsa zipangizo.

Maliro atazizira, Lachisanu lina a Nagi anawerama pachitseko n'kulowa. Anali ataonda, shati ikuwalendewera. Anakhala pampando wawo wakale, n'kutulutsa m'thumba dayisi yobiriwira ija, kuiika patsogolo pa mpando wopanda munthu.

"Tiyi ali kuti? Kapena masiku ano alendo mumangowayang'ana?"

Suheir anathamangira kukateleka madzi. A Wagdi anasesa zipangizo ndi mkono, n'kuyamba nkhani imene anaikonza kalekale poyembekezera tsikuli.

"Mwadzuka m'mawa padoko. Tamza palibe. Mwini nyumba akuti wakwera chombo cha kum'mwera, ndipo akadzabwe..."

"Usamalize," anatero a Nagi. "Ukamaliza chikhala chanenedwa, pomwe ndi bodza. Tamza sangachoke osandibera ngakhale nsapato imodzi. Wamwalira, Wagdi. Palibe wina angamuyendetse. Ndiuze kumene wapita."

A Wagdi anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Zija ndinanena kale zija, ndinali mwana ine. Mwina ansembe a ku Marsuna analakwitsa. Mwina akufa amakumbukira ndithu, amadikira abale awo..."

Dzanja la a Nagi linagwa patebulo, phwa!

"Usandinyengerere ngati mwana wolira switi! Kumene kuli Ragaa ndikukudziwa, ndili ndi chikhulupiriro changa. Sindinabwere kudzapempha kumwamba kwa wokonza mafani. Ndikufunsa za Tamza. Mkazi wanga walilondera lamulo lako zaka zonsezi, lero ulithyole chifukwa iye palibe woti akugogodere tebulo?"

Ketulo inayamba kulira. A Wagdi anayankha ali chiweramire.

"Wafika pagombe. Wavula chigoba. Walowa m'madzi."

"Akumukumbukirabe Baruk?"

"Ayi."

A Nagi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatenga dayisi ija n'kuimirira. "Wanena zoona, zikomo. Koma dziko lako ndi lozizira, m'bale wanga. Ndilibenso chokachita kumeneko." Anatuluka tiyi asanafike.

"Achimwene, mukanangolimbikira bodzalo," anatero Suheir, matambula ali m'manja.

"Akanadziwa."

Sabata imeneyo a Wagdi sanali munthu. Fani ina anailumikiza mopotoza, inkapemerera kukhoma. M'mutu ankayendera milungu yawo umodziumodzi, kuipempha njira. Wa zitseko analibe mphamvu kumene kulibe nyumba. Wosoka ukonde wakumwamba sayang'ana pansi. Mpata uliwonse anautseka okha ndi pakamwa pawo, kale, ali mnyamata wofuna kuti dziko lake lisakhale ndi chiboo. Tsopano dziko lomwelo linali kuwalanda mnzawo amene anakula naye, ndipo a Nagiwo ankangodzitsekera m'nyumba, takisi ikuchita fumbi pansi pa mtengo.

Lachinayi m'mawa ankasesa m'shopu. Monga mwa chizolowezi chawo, asanawole zinyalala anagwada n'kuyamba kutola timisomali ndi tizitsulo, kutipukuta pa thalauza, kutiponya m'chitini cha pashelefu, pakuti kalikonse kali ndi makina amene kanachokerako. Ali chigwadire choncho anayang'ana tsache, ndipo anamva mawu a mayi aja ngati ali pampando pomwepo, akulavula khoko la mpendadzuwa.

Sanatseke n'komwe bwinobwino. Anatenga katsache kakang'ono kosesera patebulo n'kuyenda mothamanga mpaka pansi pa nyumba ya a Nagi, imene ili pamwamba pa malo ogulitsira buledi.

"Nagi! Iwe Nagi! Tsitsa dengu!"

A Nagi anasuzumira pakhonde, ndevu zosameta. "Sindinaitanitse kanthu ine."

"Tsitsa, nkhalamba iwe, khosi likundiwawa!"

Dengu la chingwe limene amakwezera buledi linatsika monyinyirika. A Wagdi anaikamo katsache kaja. Litakwera, a Nagi anakatembenuza uku ndi uku.

"Wapenga? Ukuti m'nyumba mwanga mwada?"

"Mwada kumene, koma si zimenezo. Mayi a Mina anandifunsa chiyani za gombe lija?"

Wogulitsa buledi anasiya kukanda n'kumamvetsera.

"Anati akusesa ndani."

"Ine ndinati chiyani?"

"Unati sunaganizepo."

"Ndiye chimenecho sichinanenedwe patebulo. Akufa amaiwala, sindibweza. Koma za amoyo pagombe paja sindinanenepo kanthu. Baruk ali ndi bwato, eti?"

A Nagi analowa m'nyumba, koma katsache sanakabweze.

Mawa lake masana anabwera, atameta. Tiyi anali atafika kale patebulo, chifukwa Suheir sanafune kuti zichitikenso zija. Baruk, munthu amene ankaopa ngakhale nkhanu, anamasula bwato lake, wansembe wa zitseko atakhala kumbuyo, n'kupalasa kulowera kumene sikupita wamoyo. A Wagdi anafotokoza motsitsa mawu: madzi osachita mafunde, mbalame palibe, ndipo gombe lonse loyera mbee ndi zigoba, zina zatsopano, zina zoperepeseka, kuunjikana mpaka kumene maso amalekezera.

"Ndikufuna cha Tamza," anatero a Nagi.

"Ponya."

Anatenga dayisi yobiriwira, anaifumbata kanthawi, n'kuiponya. Inagubuduka, inagunda tambula, inaima. Zitatu.

Suheir anawaponda phazi achimwene ake pansi pa tebulo. Zinali zosavuta kunena kuti pagombe pano nambala yotsika ndiye yabwino, kapena kuti dayisi yagunda tambula, aponyenso. A Wagdi anayang'ana mpando wopanda munthu uja, kenako nkhope ya mnzawo, imene inkadikira.

"Wafukula mpaka zala zatupa," anatero. "Chimene chili m'dzanja lako si cha Tamza. Dzina lolembedwapo sunalimvepo. Chingwe chake n'chachifupi, mwina chinali cha mwana. Utani nacho?"

A Nagi anapuma mozama, maso ali pa dayisi. Panja sitima ya mumsewu inadutsa, mafani opachikidwa n'kugwedezeka.

"Ndichipukuta," anatero potsiriza. "Mchenga wonse uchoke."

"Ndi chiyani?"

"Ndi shati langa. Ukuganiza Baruk amayenda ndi mpango? Kenako ndilitchula dzinalo mokweza, kamodzi. Nachonso chili ndi amene akuchilira. Ndichiika m'bwato."

"Usaike pansi ponyowapo, chitsiru iwe," analowerera Suheir, akupukuta mphuno. "Wansembe wavula nsalu yake yakumutu, waiyala. Ika apa."

A Wagdi anamva tsitsi limene alibe likuimirira. Zaka zonsezi ankapeka okha miyambo n'kuipereka kwa anzawo. Lero mwambo unali kubadwa iwo akuonerera, kuchokera m'manja mwa munthu wamantha ndi shati lake. Mulungu wake anali asanadziwike, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafulumire kumufunafuna.

Anaponyanso kangapo masanawo. Baruk anatola zigoba zina, kuzipukuta, kuzitchula, ndipo mayina ake a Wagdi ankawapeka pomwepo. Cha Tamza sichinapezeke. Kuitana kwa mapemphero a madzulo kutamveka, a Nagi anadziwongola msana.

"Gombe limeneli ndi lalikulu bwanji?"

"Sindinaganizepo."

"Usaganize. Ukangoganiza umawononga." Anaimirira, anatenga dayisi yobiriwira ija, anaiyang'ana, kenako anatambasula dzanja n'kuiponya m'chitini cha timisomali pashelefu. "Isunge kuno, kunyumba itayika. Ndipo iwe Suheir, tiyi wako shuga ngati wa kuchipatala. Munthu wosesa gombe lonse lija angamwe zimenezi?"

"Muzibwera ndi wanu shugayo!"

A Nagi anawerama pachitseko chachitsulo. Phazi limodzi lili kale panja, anaima, n'kugogoda kawiri ndi chala, ngati munthu wa ku Marsuna, ndipo anapita kukapukuta fumbi pa takisi yawo.