Dola Yakuda ya a Mervin

A Mervin Kadzamira anafika ku South Bend, m'dera la Indiana ku America, m'chaka cha 2009, atasiya ntchito ya uphunzitsi ku Domasi. Anabwerera sukulu, koma sukuluyo inathera panjira chifukwa cha fizi, ndipo anakalowa ntchito panyumba ina yosamalira okalamba. Mpaka lero ali pomwepo. Amasambitsa nkhalamba, kuzidyetsa, kuzitembenuza pabedi kuti zisatuluke zilonda. Ndi munthu wofatsa, woyankhula motsitsa mawu, ndipo kutchalitchi amakhala mzere wachitatu kuchokera kumbuyo. Akazi awo, a Theresa, a ku Bawi ku Ntcheu, anawatsatira patapita zaka ziwiri ali ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Chawezi. A Theresa ankagwira ntchito yokonza m'zipinda za odwala, ndipo ukhondo wawo unali wodziwika. Mapoto awo munthu ukanatha kumetera ndevu.

Za makobidi akale zinayamba mwangozi. Nkhalamba ina imene a Mervin ankaisamalira inali ndi kabokosi ka ndalama zachitsulo za m'mayiko osiyanasiyana, ndipo tsiku lina inawaonetsa khobidi la bowo pakati, la nthawi ya chitaganya. A Mervin anaima kakasi. Bambo awo anali ndi lotero, ankalimangirira ku makiyi a njinga. Madzulo ake anafufuza pafoni n'kupeza kuti pa intaneti pali okushoni ya zinthu zoterezi: wogulitsa amaika chithunzi, anthu n'kumapikisana kutchula mitengo mpaka nthawi itatha, ndipo wapamwamba ndiye amatenga. Anawina khobidi lawo loyamba ndi madola anayi. Litafika mu envulopu, analinunkhiza.

Kunena chilungamo, poyamba sanali ochenjera. M'chaka chachiwiri anagula ndalama ina imene wogulitsa anati ndi ya siliva, pamtengo wa madola mazana anayi, omwe anali a lendi. Itafika anaiyandikiza kumaginito a pachitseko cha firiji, n'kumata. Siliva samata kumaginito. Atafuna kudandaula anapeza wogulitsayo atafufuta kale dzina lake.

"Bambo a Chawezi," anatero a Theresa tsiku limenelo, "anzanu akutumiza malata kumudzi, inu mukugula ndalama zoti ngakhale wa mandasi sangalandire. M'nyumba muno za makobidi anuwo ndisazimvenso."

A Mervin anamvera, ndipo mwina apa ndi pamene panayambira zonse. Kugula sanasiye, anangosiya kunena. Anaphunzira okha mwakachetechete, panthawi yopuma kuntchito. Anagula kasikelo ndi galasi lokulitsira zinthu. Anadziwa kuti wogulitsa watsopano wopanda mbiri ndi wothawa, kuti chithunzi chokongola kwambiri chimakhala chobedwa kwina, ndiponso kuti mtengo wako umaulemba papepala okushoni isanatenthe, chifukwa m'mphindi yomaliza mtima umathamanga kuposa mutu. Anadziwanso lamulo lalikulu la osunga makobidi: ndalama yakale siitsukidwa. Kuda kwake ndi umboni wa zaka zake, ndipo ukaikwecha umasiya timizere tosachoka. Zonsezi ankazidziwa okha. M'nyumba sanatchulepo n'kamodzi komwe.

Chakumapeto kwa 2022 a Theresa anapezeka ndi khansa ya m'chiwindi. Mankhwala anayesa chaka chathunthu. Kenako madokotala anayamba kuyankhula mofatsa kuposa kale, ndipo anati ngakhale ulendo wa pandege sangaupirire. A Theresa sanalire pamaso pa anthu. Anangopempha chinthu chimodzi.

"Musadzandikwirire m'chipale muno. Ndikagone pafupi ndi amayi ku Bawi."

"Mudzapita," anatero a Mervin.

"Musandiyankhe ngati mukuyankha nkhalamba zanu zija. Ndilonjezeni."

Analonjeza. Koma kunyamula maliro kuchoka ku Indiana mpaka ku Ntcheu kunkafuna madola oposa 14,000, ndipo matenda anali atadya zonse. Mlongo wake wa a Theresa, Kenan, yemwe amakonza magalimoto ku Indianapolis ndipo ndiye mwini mbumba, anati Amalawi akasonkha chipepeso mwina pangapezeke 5,000. Kwinako kunali mdima.

M'mwezi wa Januwale a Mervin anaona mulu wa makobidi pa okushoni. Wogulitsa anali akuchotsa katundu wa malemu amalume ake, ndipo anangolemba kuti ndi ndalama za ku Africa. Chithunzi chinali cha mbuu. A Mervin anakopeka ndi makobidi a bowo atatu, koma pakona panali china chachikulu, chakuda bii, chophimbika theka. Anabida madola makumi atatu. Palibe wina anapikisana nawo.

Phukusi litafika, chakuda chija chinali dola ya siliva ya ku America konkuno, ya zaka zoposa zana. Kumaginito sinamate. Pasikelo inakwana ndendende. Ataona chaka chake ndi kachilembo kakang'ono ka kumene inasulidwa, anatsegula buku lawo la makobidi, ndipo munalembedwa kuti za mtundu umenewo zinasulidwa zochepa kwambiri. Anatumiza zithunzi kwa mzungu wina wogula makobidi ku Lawrence, kumpoto chakum'mawa kwa Indianapolis. Mzunguyo anaimba foni yekha. Anati ikakhala monga ikuonekera, apereka 9,000, abwere nayo Lachisanu.

Apa a Mervin anaswa lamulo la m'nyumba. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwaonetsa akazi awo ndalamayo ili pa kansalu.

"Ulendo wa ku Bawi ndi umenewu."

A Theresa anaiyang'ana nthawi yaitali. "Chakuda ngati kunsi kwa poto chimenechi?"

"Chimenechi."

"Ndiye ndinakulakwirani, bambo a Chawezi."

"Munandilakwira pang'ono. Ya pafiriji ija inali yabodzadi."

Anaseka onse awiri, kuseka kumene kunali kutasowa m'nyumbamo miyezi yambiri. A Mervin anatchula mtengo, anatchula tsiku, anatchula dzina la sitolo. Chimene sanatchule ndi chimodzi chokha, poti kwa iwo chinali chodziwikiratu ngati kuti moto umawotcha. Anaika ndalamayo m'kaenvulopu kake n'kukasiya m'dirowa la pambali pa bedi.

Lachisanu anali ndi shifiti ya m'mawa. Anabwerera kunyumba masana, napeza a Theresa atadzuka, atakhala pampando kukhitchini, thukuta lili pamphumi. Jekete la kutchalitchi linali litasitidwa.

"Mwadzukiranji? Adokotala anati chiyani?"

"Adokotala sakupita ku Indianapolis. Valani ili. Envulopu yanu ili m'thumba la m'kati, ndaimata kuti isagwe."

Anayenda maola awiri ndi theka, msewu uli woterera, dzanja likupita pachifuwa kawirikawiri kukhudza envulopu. Sitolo inali yaing'ono, pakati pa malo ometera ndi ogulitsa matayala. Mzungu uja anali wachikulire, wa ndevu zoyera, ndipo anawalandira bwino. Anayala kansalu kofewa patebulo, nayatsa nyale. A Mervin anang'amba envulopu.

Ndalama inagwera pansalupo ikuwala ngati supuni yatsopano.

Mzunguyo anaitenga m'mbali ndi zala ziwiri, naiika pansi pa galasi, napuma mozama.

"Wachita izi ndani?"

A Mervin anawerama patebulopo. Anapempha galasilo. Pankhope ya ndalamayo panali timizere tambirimbiri tozungulira, monga momwe dzanja limayendera pokwecha poto. M'mphepete munatsalira kaufa koyera ka soda, ndipo kafungo ka ndimu kanali kakumvekabe.

"Ndi yeniyeni, zimenezo sindikukana," anatero mzunguyo. "Koma yaphedwa. Ndikupatsani 1,800, ndipo ndikuchita chifundo."

"Ikakhala zaka zingapo imadanso."

"Imada, inde. Mizereyi siichoka. Inunso mukudziwa."

Ankadziwadi. Anaima pamenepo atavala jekete lositidwa bwino lija, akuganiza za mkazi amene sankatha kunyamula kapu ya tiyi, mmene anayendera kuchoka kuchipinda mpaka kusinki atagwira khoma. Anatenga cheke.

Sanalunjike kunyumba. Anakhotera ku Lafayette Road, kugalaja ya Kenan. Anampeza ali pansi pa galimoto.

"Alamu! A miliyoneya! Tigwade kapena tingowomba m'manja?"

A Mervin anamupatsa chekecho. Kenan anapukuta manja, nawerenga, nawerenganso.

"Akuberani azungu. Ndinanena ine kuti mupite ndi munthu wa mkamwa, inu mumayankhula ngati mukupepesa maliro."

"Sanandibere. Achemwali anu anaitsuka."

"Ndiye? Kutsuka chinthu n'kulakwa?"

"Pa zimenezi n'kulakwa. Kuda kuja ndiye kunali mtengo wake."

Kenan anakhala pa tayala. Anayamba ngati akuseka, kenako anasiya. "Ndi waya wa mapoto?"

"Ndi waya. Ndi soda, ndi ndimu."

"Amayi anatilera choncho," anatero Kenan akuyang'ana pansi. "Mbale yopita kwa eni ake siinkatuluka m'nyumba isanakwechedwe ndi mchenga. Achemwali sakanafuna kuti azungu aziti Amalawi ndi auve." Kenako anadzutsa mutu. "Nanga inu simunamuuze bwanji? Zaka zonsezi mukuwerenga timabuku tanuto?"

A Mervin anatenga cheke chija n'kuchipinda. Kenan anapitiriza.

"Kumudzi andifunsa ine, alamu, osati inu. Mbumba ndi yanga. Ndikawauza chiyani?"

"Tiyesa kwina."

"Kuti? Mubidenso?"

Kunyumba anafika usiku. A Theresa anali pabedi, maso ali kuchitseko.

"Agula?"

"Agula."

"Anati bwanji ataiona?"

A Mervin anavula jekete, nalikoleka mosamala, kuti apeze nthawi. "Anati sanaonepo ndalama yakale yowala choncho."

A Theresa anamwetulira, natseka maso. "Mwaona? Mukanapita nayo ili bii ngati mmene inalili, akanakudulani mtengo. Zala zandipweteka, koma ndinati ulendo ndi wanga, ndiikepo dzanja nanenso." Anatsegulanso maso. "Makobidi ena aja ali kuti? Bweretsani ndizikukonzerani. Kungogona kukunditopetsa."

A Mervin anapita kukabati, natulutsa chitini chonse: makobidi a bowo, matiki, masheleni, zonse zimene anasonkhanitsa zaka khumi ndi chimodzi, chilichonse m'kaenvulopu kake kolembedwa chaka. Anazikhuthulira pa thireyi. M'mawa mwake, pochokera kuntchito, anagula waya wina ndi mandimu.

A Theresa anakwecha masabata asanu, tsiku lina makobidi atatu, tsiku lina limodzi, kenako theka. Ankawandandalika pawindo kuti aziwala, uku akuwauza amuna awo nyimbo zoti zikaimbidwe ku Bawi ndi mtengo wa mango umene uli kumutu kwa manda a amayi awo. Chawezi atabwera kuchokera kukoleji anafunsa m'Chingerezi ngati zimenezi sizikuwononga makobidiwo. Bambo ake anamutulutsira pakhonde n'kumuuza kuti asadzafunsenso.

Anamwalira pa 9 Malichi, akudziwa kuti akupita kwawo. A Mervin anali atayesa kubanki, anayesa kuntchito, anagulitsa ndi galimoto yomwe. Chipepeso chinasonkhedwa, anthu anayesetsa ndithu, koma nyumba yokonza maliro itatenga zake, zotsalazo sizinafike. Cheke cha ku Lawrence chinagula malo pamanda ena kunja kwa South Bend. Tsiku loika, nthaka inali youma gwa ndi kuzizira, ndipo dzenje linakumbidwa ndi makina. Kenan anagwira foni m'mwamba kuti a ku Bawi aonere, koma netiweki inkaduka, kulira kwawo kunkafika m'zidutswa. Iye ndi a Mervin amapatsana moni akakumana, koma chiyambire tsikulo sanakhalepo pansi limodzi.

A Mervin tsopano amakwera basi popita kuntchito. Anzawo amati panthawi yopuma amatsegulabe okushoni pafoni, n'kumayang'ana mitengo ikukwera mpaka nthawi itatha, koma sabida. Makobidi aja akadali pawindo la kuchipinda monga anawasiyira a Theresa. Ayamba kuda pang'ono m'mbali. Lomaliza pamzerepo ndi la bowo pakati, lowala mbali imodzi yokha.