Tikamarawu ta Atsibweni

Kasefa ka tiyi. Chogwirira chake chinali chothyoka, ndiye atsibweni anakamangirira ku kansungwi ndi mphira wa chubu cha njinga. Kwathu kasefa kameneka sikanasefepo tiyi. Ntchito yake inali ya kumtsinje.

Atsibweni anali mlongo wawo wa amayi. Anafika kwathu ku Limbuli nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, okhaokha, ndi bulangete limodzi. Amayi anakwatiwa kuno kalekale, ndipo ankathyola tiyi ku esiteti. Za akazi awo a atsibweni ndi ana awo, palibe ankazitchula. Za tikamarawuzi zinachitika nkhondo itatha, ine ndili Sitandade 3, chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere.

Atsibweni ankagwira ganyu yosamalira maluwa kunyumba ya bwana wina wa ku esiteti. Posamuka, bwanayo anataya bokosi lagalasi losungiramo nsomba, long'aluka pakona. Atsibweni analitola, analimata ndi phula, n'kuliika pakhonde pamene dzuwa linkafika m'mawa mokha. Pansi anathira mchenga wa mumtsinje wa Muloza. Anadzalamo udzu wa m'madzi, anaikamo timiyala tandere. Kenako anapita ndi kasefa kaja kukawola tikamarawu.

Dzinali ndi la kwawo. Anthu a kuno ankangoti tizilombo. Ndi tinthu tofanana ndi nkhanu koma toonda, tosaposa theka la kamtengo ka machesi, tandevu zazitali, toonekera mkati ngati madzi. Ukayang'anitsitsa umaona chakudya chili m'mimba. Tsiku lonse timangotolatola pamasamba ndi timanja, ngati munthu akusankha mpunga m'lichero. Timagwidwa m'chilimwe, madzi akachepa n'kuyera. Mtsinje ukadzaza, basi, mpaka chaka chamawa.

Atsibweni sankayankhulayankhula. Ine ndinatengera iwo. Akaweruka ankakhala pampando pafupi ndi bokosi lija, chipewa chili pabondo. Kamodzi kokha ananena kuti mwana wawo wamkazi ankawola tinthu timeneti ndi chitenje, kumtsinje wa kwawo. Sanabwerezenso. Inenso sindinafunse.

Koma ine ndinkafuna nsomba. Bokosi la nsomba lopanda nsomba linkandichititsa manyazi kwa anzanga. Ndikaweruka ndinkadzera kumtsinje, n'kubwera ndi chinachake m'chitini. Atsibweni ankachithira m'mbale, n'kuwerama.

"Usamayang'ane kukongola, mphwanga. Uziyang'ana pakamwa."

Kamlamba anakakana. Anati kamagona masana ngati kofatsa, anthu akagona kamasesa zonse. Nkhanu anaikana osaiyang'ana n'komwe. Matemba anawakana, anati amasiya make n'kudya ana. Nkhono zing'onozing'ono anazilola chifukwa zinkanyambita ndere pagalasi. Ambululu anawalola mpaka atamera miyendo. Zonse zokanidwa ndinkazibweza ndekha kumtsinje, dzuwa likuswa mtengo, phazi likupsa ndi mchenga. Ndinkang'ung'udza njira yonse.

Pomaliza analola tinsomba tina toyenda pamwamba pa madzi, tamaso owala, tapakamwa ngati diso la singano. Ngakhale timeneto anayamba atisunga kaye m'beseni pamodzi ndi kakamarawu kamodzi, kuti aone khalidwe lake. Atakhutira ndi pamene anatilowetsa. Lero ndaona anthu akulowetsa munthu m'nyumba mosaganiza ngati mmene atsibweni ankaganizira za nsomba.

Bokosi linakongola. Udzu unabiriwira, madzi anali mbee, ndipo ankanunkhira mwala wonyowa. Kakamarawu kena kananyamula mazira kumimba, obiriwira ngati nthanga za therere losakhwima, kakuwakupiza ndi timiyendo. Atsibweni anandionetsa ndi kamtengo. Tinayamba kudikira ana.

Nyengo yomweyo malole ankadutsa mumsewu atanyamula anthu obwerera ku Mozambique, mbuzi ndi malata zili pamwamba. M'mudzi munayamba mawu. Nkhondo yatha, uyu akudikira chiyani? Ena ankasirira kadimba kamene atsibweni ankalima m'mbali mwa mtsinje. Atsibweni analibe kobwerera. Nkhaniyo itafika pamsonkhano wa mudzi, amene anaimirira kuwaikira kumbuyo anali aphunzitsi anga, omwenso anali mkulu wa mpingo. Anati munthuyu mlongo wake ali pano, mphwake ndimamuphunzitsa ine, ndi wathu. Mawu aja anachepa, koma sanatheretu. Ine ndinkazimva ngati nkhani za akuluakulu, zosandikhudza.

Aphunzitsi anamva za bokosi lija kwa ana a sukulu. Loweruka lina anafika pa njinga, chitini chikulendewera pachiwongolero. Anakhala pakhonde, amayi anawapatsa moni atagwada. Anayang'ana m'bokosi nthawi yaitali, akumwetulira ngati mwana. Kenako anapereka chitini chija ndi manja awiri.

"Achimwene, ndakubweretserani mlendo. Ndi wa m'dziwe lathu la kusukulu. Ndi wofatsa, amadya masamba okha. Ndidzabwera ndi ana a m'kalasi adzaone mmene zamoyo za m'madzi zimakhalira pamodzi."

Chinali chilunguni chaching'ono, chofiira pachifuwa, chokongola kuposa zonse zimene ine ndinabweretsapo. Aphunzitsi sananame. M'dziwe nsomba imeneyi amaiponyera masamba a chinangwa, imadya. Anasankha yabwino kwambiri, n'kuyenda nayo ulendo wonsewo osataya madzi.

Ine ndinayang'ana pakamwa.

"Atsibweni, pakamwa pake..."

Amayi ananditsina pantchafu. Atsibweni nawonso anali ataona. Ndinawaona akuona. Anaomba m'manja mwaulemu, analandira chitini, anathokoza, n'kuthira nsomba ija m'bokosi aphunzitsi akuonerera.

Inayamba ndi udzu. Inkaudula, wina n'kuuzula ndi mizu yomwe, madzi n'kuchita matope. Tikamarawu tinasowa pobisala. Atsibweni anadula timapaipi ta nsungwi n'kutimiza pansi kuti tizilowamo. Tinalowa, koma njala inkatitulutsa. Tina anatisamutsira mumtsuko, tinafa, chifukwa munalibe kuwala ngakhale chomera. Tinsomba tamaso owala tinaunjikana pakona, zipsepse zitang'ambika. Kenako mvula yoyamba inagwa, fumbi linanunkhira, Muloza anafiira n'kusefukira. Kokawola tina kunalibenso.

Ana a m'kalasi anabweradi, anaima pamzere pabwalo pathu. Onse ankaloza nsomba yofiira. Tikamarawu totsala palibe anationa. Kuyambira pamenepo aphunzitsi akamadutsa ankaima, phazi limodzi pansi, n'kufunsa za mlendo wawo.

Kamazira kaja kanalimba kuposa tonse. Kankakhala mkati mwa nsungwi, ndevu zokha zili kunja. M'mawa wina nsungwiyo inali yopanda kanthu. Atsibweni anaitulutsa, anaigwedeza, anasuzumiramo, n'kuibwezera.

Ndinawauza kuti tiiotche nsombayo. Anati mphatso saotcha mwini wake akudutsa pakhomo. Ndinati tiiponye mumtsinje, tidzanene kuti yafa. Anandiyang'ana.

"Munthu ameneyo sitingamunamize."

Anapita kudimba, anabwera ndi masamba a chinangwa, n'kuyamba kuidyetsa. Tsiku ndi tsiku ankaisinthira madzi. Ankaisamala bwino lomwe, koma pampando paja sankakhalaponso.

Lero ndimaganiza kuti atsibweni akanangonena zoona, aphunzitsi sakanakwiya. Anali munthu wabwino. Mwina akanaseka, n'kuitenga nsomba yawo. Koma ndikunena zimenezi ndili pamalo anga, ndi munda wanga, palibe wondifunsa tsiku lonyamuka.

Chakumapeto kwa mvula aphunzitsi anadzeranso. Nsomba inali itakula moti potembenuka inkagunda galasi. M'bokosi munali iyo yokha, mchenga ndi nsungwi.

"Yanenepatu, achimwene. Muli ndi dzanja labwino."

"Zikomo, aphunzitsi," anatero atsibweni. "Ikudya bwino."

Anawaperekeza mpaka kumsewu, akuwakankhira njinga. Ine ndinatsala pakhonde. Ndinkadziwa kuti atsibweni amadziwa pakamwa pa nsomba iliyonse ya mu Muloza. Anandibwezetsa kumtsinje ndi chitini kambirimbiri chifukwa cha tinthu tija. Ndiye ndinkangodzifunsa kuti munthu wotere walandira bwanji nsomba imeneyi ndi manja awiri, n'kuthokozanso. Ndinkaganiza kuti ndi mantha, kapena tikamarawu tija anatopa nato. Sindinkadziwa kuti kwa atsibweni, kukana chitini chija kunali kukana munthu yekhayo amene anaimirira pamsonkhano.