Khanda la panja ku Copenhagen

Chaka chimene tinalandira mapasipoti a Ireland, mwana wanga wamkulu, mtsikana amene anali atangoyamba sekondale, analamula kuti tikaone dziko lina. Anali atatopa ndi maholide athu: kukwera basi ku Tyrrelstown, dera lomwe timakhala mu Dublin, kukasuzumira agwape ku Phoenix Park, kudya mabanzi ochokera kunyumba, n'kubwerako titanyowa. Anasankha Copenhagen, ati aphunzitsi anawauza kuti amene anayambitsa mzinda wa Dublin anachokera mbali za kumeneko pa mabwato. Bambo ake anavomera atangomva kuti ndege yake ndi yotchipa.

Tili pabwalo la ndege mtsikana wangayo anandikokera pambali. Mwanayu Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi chokhachokha. “Mum, please,” anayamba choncho, kenako malamulo: ndisapatse moni anthu osawadziwa, ndisanenerere mitengo m'sitolo, ndisamuitane mokuwa. Mwachidule, ndisamuchititse manyazi. Zinandiwawa, sindinama. Panali patapita nthawi chisiyireni kundigwira dzanja pamsewu, ndipo kusukulu ankati ndizimudikirira patali ndi geti. Ndinalonjeza, chifukwa ndinkafuna aone kuti mayi ake ndi munthu woyenda naye pagulu.

Tsiku loyamba ndinakhoza. Tinakwera boti loyenda m'ngalande za mumzinda, ine phee, ngakhale mtima unali m'malere. Kunyumba yosungira zinthu zakale mng'ono wake anavala chisoti cha ankhondo n'kutithamangitsa ndi lupanga lamtengo. Kumalo a masewera anandikweza chinthu chozungulira m'mwamba, ndipo ndinaitana oyera mtima onse chamumtima, osatulutsa mawu. Wochititsa manyazi tsiku limenelo anali bambo ake, amene ankangoyenda m'njira ya njinga, mabelu ali ngwengwengwe kumbuyo kwawo.

Mawa lake kunazizira koopsa, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Bambo ake anapita ndi wamng'ono uja kukafuna chimbudzi, ife awiri tinatsala panja pa malo ena omwera khofi. M'mbali mwa khoma munali tingolo ta ana tingapo. Ndinkayesa n'topanda kanthu, mpaka bulangete la m'kangolo kena linagwedezeka. Nditasuzumira, khanda! Kamphuno kali psuu. Kangolo kenako, khanda linanso. Eni ake ali mkati, pofunda, akuseka ndi makapu m'manja.

Muyenera kudziwa kuti titangofika ku Dublin anzathu anatichenjeza kuti ukasiya mwana m'galimoto n'kuthamangira mkaka, aboma akulanda. Ndipo ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kumene zenera likangotseguka pang'ono timathamanga ndi mabulangete.

Mtsikana wanga anaona nkhope yanga n'kuyamba kulongosola mwachangu. Ati anawerenga kuti kuno ndi mwambo, makanda amagona panja dala kuti azipuma mpweya wabwino.

“Mwambo wanji umenewo?” ndinamufunsa. “Kwathu panja timayanika ufa, osati ana.”

“You promised,” iye anatero, kundikumbutsa lonjezo langa.

Pomwepo khanda lija linayamba kulira. Ndinapirira, Mulungu ndi mboni. Ndinayang'ana kumwamba, ndinawerenga zikwangwani zomwe sindinkazimva n'komwe. Koma kulira kwa khanda kumakoka mkazi pachifuwa, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Manja anapita okha. Ndinasolola chitenje m'chikwama, ndinawerama, mwana kumsana, mfundo pachifuwa. Ndinayamba kumusasatitsa ndikuyenda uku ndi uku, kwinaku ndikumuuza m'Chichewa zimene ndinkaganiza za makolo ake. Posakhalitsa anangoti zii.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'kangolomo munali kachipangizo konga kawailesi, kotumiza mawu kwa kholo mkatimo. Bambo wa mwanayo, amene anali atayamba kale kunyamuka, anamva kulira kukusanduka ulaliki wa m'chilankhulo chachilendo.

Anatuluka ngati mphezi, chimunthu chachitali chofika pafupi ndi denga. Anasuzumira m'kangolo, mulibe kanthu. Nkhope yake sindidzaiiwala. Anatembenuka n'kuona mayi wachikuda atabisa chinachake kumsana, timiyendo tikulendewera m'mbali. Apo m'pamene ndinaganiza za apolisi, ndi za pasipoti yanga yosatha n'komwe chaka. Chingerezi changa chonse chinathawa. Ndinangotembenuza msana kuti aone mwana wake, n'kunena kuti, “Wagona.”

Ndinkayembekeza kuti mtsikana wanga wathawira kuseri kwa nyumba. Koma ndinangoona waima pakati pa ine ndi bamboyo, kamutu kali m'mwamba. Anamuuza kuti awa ndi mayi ake, ntchito yawo ndi yosamalira anthu, ndipo kumene iwo amachokera munthu sadutsa khanda likulira, kaya ndi la ndani. Anapepesa, koma anawonjeza kuti mayi akewo sanabepo kanthu chibadwire.

Bamboyo anapumira m'mwamba. Anazungulira n'kuyang'ana khanda lake lili mtulo, tsaya litakanikiza jekete langa, dovu likuyenderera. Kenako anaseka kuseka kwa munthu amene wapulumuka ngozi. Ati mwanayo akumera mano, chiyambire m'mawa sanagone bwino. Anapempha kuti ndimuonetse kamangidwe ka chitenje. Ndinamuonetsa, n'kumubwezera mwana wake, ndipo malangizo oti azimuveka masokosi awiri ndinamupatsa m'Chichewa, poti mtima unali usanakhazikike.

Bambo a ana anga anatulukira zonse zitatha, n'kufunsa ngati pachitika kanthu. Ine ndinangopinda chitenje n'kuchibwezera m'chikwama.

Tinauyamba ulendo wa kokwerera sitima, ine ndikudikira mlandu wanga. Lonjezo ndinali nditaliswa pamaso pa mzinda wonse, ndipo ndinkadziwa kuti tikabwerera ku Dublin ndizidzaima kutali kwambiri ndi geti. Patsogolo pathu panaonekanso malo ena a khofi, tingolo tili ndandanda pakhoma.

Ndinangomva dzanja lozizira likulowa m'dzanja langa n'kugwira zolimba, pamsewu, anthu akuona. Ndipo m'Chichewa chake chokhotakhota chija, chimene ndinali ndisanachimve kwa zaka, anati, “Amayi, musatolenso wina.”

Sanandisiye mpaka kusiteshoni.