Nyemba Zimene Ndinabisa mu Nsalu ya Mwana

Bambo a mwana wanga salemba manambala. Ntchito anaiphunzira kwa mkulu wina wokonza mawailesi pa famu ya ku Imbeza kumene tonse tinabadwira, ndipo mkuluyo ankawerenga ndi nyemba. Transifoma ya m'wailesi ikapsa umachotsa tizitsulo take topyapyala kamodzikamodzi, kenako n'kuyamba kusolola waya wopsayo. Waya ukazungulira kakhumi, nyemba imodzi igwere m'chitini. Pokulunga watsopano umazitulutsa chimodzimodzi, imodzi pa khumi, chitini chikatha ndiye kuti wafika. Famu itatengedwa, ife n'kudzachita lendi chipinda chimodzi m'tauni, ku Sakubva, wogwira chitinicho ndinali ine. Tinkakhala mawondo atagundana, iwo akunong'ona, ine ndikuponya.

Kenako mwana anabadwa, wolira. Kawiri konse ndinasokoneza nyemba pomutonthoza, ndiye anandiuza mofatsa: “Amake mwana, yambani mwalera. Ndiziponya ndekha.”

M'mwezi wozizira kunabwera mayi wina wa ku Murambi, dera la anthu olemera, pagalimoto yoyendetsa yekha. Wamkulu pang'ono kwa ine, zala zosalala, mafuta ake akununkhira mpaka kuchimbudzi. Anabweretsa ampulifaya ya gitala ya malemu bambo ake, amene ankagwira ntchito ku njanji. Inali yakalekale, ya mababu agalasi oyaka ngati makala, transifoma yake yopita ku sipika itapsa. Ankafuna ilire tsiku lovundukula chiliza cha bambo akewo, ndipo kunatsala sabata ziwiri.

“Mukoma,” anatero mwa Chishona, kutanthauza achimwene, “ndithandizeko, ndi chinthu cha bambo anga.”

Bambo a mwana anamupatsa chitini changa kuti aziwerenga yekha. Mayiyo anakhala pa kampando kanga.

Masiku atatu amene ankamasula wayawo ndinkasesa khonde losesa kale. Waya wake unali wowonda ngati tsitsi, wosachedwa kuduka, choncho panalibe wololedwa kulankhula. Ine ndikatsokomola ankanditembenukira. Koma mayi uja akaseka chifukwa nyemba yamuthawa pansi, nawonso ankaseka. Ndinaona mitu yawo ikuyandikana pa kapepala kopsa ka pakati pa mawaya. Ndinamva akumuuza kuti, “Sisi, muli ndi mutu inu, simunaphonye ngakhale kamodzi.” Ine Chizungu chimene ankasakaniza sindinkachimva chonse, sukulu ndinalekera giledi seveni. Ndinkangodzifunsa kuti akandisiya ndipita kuti? Komboni ya ku famu anaigwetsa. Amayi ali ku Penhalonga m'kachisakasa, akuphikira okumba golide. Ku Malawi, kumene makolo athu anachokera, ndimangokumva. Ndilibe mudzi woti ndikalirireko ndi mwana kumsana.

Atamaliza kumasula, bambo a mwana anaupsinya waya wakale n'kukaupereka kwa ogula zitsulo. Chitini anachiika pamwamba pa kabati. Masana amenewo atapita kutauni kukafuna waya watsopano, ndinakwera pa ndowa n'kutapa nyemba dzanja limodzi. Ndinazimanga pa ngodya ya nsalu yoberekera mwana. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: pakamwa pawo pomwepo panene kuti mkazi wa ku Murambi sadziwa kuwerenga.

Kukulunga anachita okha, pa gudumu la mashini osokera akale. Ine ndinali pakhomo, mfundo ya nyemba ikundikanikiza pachifuwa. Ndinakumbukira zimene ankandiphunzitsa kale, kuti waya wowondayo umagawidwa pawiri, ndipo mbali ziwirizo zikasiyana kutalika, babu limodzi limasenza katundu wonse, limafiira, ndipo magetsi a m'kati mwa zinthu zimenezi si oseweretsa. Amene adzapise dzanja poyesa ndani? Si mayi uja. Ndi bambo a mwana wanga.

Chitini chinatha waya uli pakatikati pa mzere. Anaimitsa gudumu. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kuyeza ndi chikhadabo malo otsala.

“Wakale uja unafika m'mphepete,” anatero. “Apa pachepa.”

“Mwina alendo anu aja anaphonya,” ndinatero.

“Ayi, uja saphonya. Ndine. Mutu wanga wayamba kutha. Ndipo waya wakale ndataya, ndiwerengeranso pati? Ndikamuuza chiyani mwana wamasiye?”

Anagwira kumaso ndi manja awiri. Ndinali nditaba kuti anyoze mayi uja, koma iwo anasankha kudzinyoza okha. Zimenezi zinandiwawa kuposa kuseka kuja, mpaka lero zimandiwawa.

Ndinatsitsa mwana, ndinamasula mfundo ndi mano, ndinakhuthulira nyemba m'chitini. Zinalira kwambiri m'kachipinda kaja. Ndinayembekeza mbama, kapena mawu akuti longedzani.

“Zonse?” anafunsa osandiyang'ana.

“Zonse.”

“Sansani nsaluyo.”

Ndinasansa. Inagwa imodzi ina, ndinaitola pansi pa bedi.

Mwana anayamba kukwawira ku waya. Kenako bambo ake anakankha kampando ndi phazi. “Khalani apa, amake mwana. Akuba ndiwo amadziwa kusunga katundu. Akalira uyu munene, tiima.”

Tinaima kasanu. Nyemba yomaliza itatuluka, waya unali m'mphepete ndendende.

Ku chiliza mayi uja anatiitana, ine ndinakana, ndinati mwana ali ndi chimfine. Atabwerako anandiuza kuti ampulifaya inalira bwino moti nkhalamba za ku njanji zinagwetsa misozi, ndipo mayi uja anauza anthu onse kuti anawerenga yekha waya wa bambo ake. Iwo sanamutsutse. Za ine sanauzepo munthu, ndipo ndimathokoza. Koma ampulifaya ina ikabwera, ndimayamba ndasuzumira pazenera kuti ndione zala za amene waibweretsa, ndipo chitini ndimachisunga m'sutikesi yanga.