Chigamba pa Boneti

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene achemwali anga a Rozina ankakwatiwa. Bambo, omwe ankaphunzitsa pulayimale kufupi ndi Kasina, anali atalengeza kale kuti mkwatibwi adzapita kutchalitchi pa galimoto yawo. Galimotoyo inali yakale kuposa ine, ndipo buluu wake anali atatuwa ndi dzuwa. Ukaisisita ndi chikhatho, m'manja munkatsala ufa ngati wa choko. Bambo ankaitsukira pamthunzi pokha, ndi kansalu kofewa, ndipo timabala tonse tomwe miyala ya mumsewu inkasiya ankatitseka ndi kadontho ka penti ka pa kamtengo ka machesi.

Ine mtima sunkakhala m'malo. Akuchimuna anali a ku Lilongwe, ndipo tsiku la chinkhoswe ndinaona mmene mlongo wa mkwati anaiyang'anira galimotoyo, kenako n'kuyang'ana nsapato za bambo. Kuyambira tsikulo ndinkangoizungulira ngati nkhuku yofuna kuikira.

Lolemba la sabata ya ukwati, bambo atakwera minibasi kupita ku Boma kukatenga suti kwa telala, ndinatenga phulusa ndi waya wokwechera mapoto. Nzeru zanga zinali zakuti poto wakuda amawala ukamukwecha, nanga boneti ingakanike bwanji? Poyamba zinkaoneka ngati zikutheka, chifukwa ponyowa pankanyezimira. Ndinalimbikira mpaka thukuta. Pamene pankauma panatuluka chigamba chachikulu ngati lichero, pakati pake chitsulo chili pamtunda.

Bambo atafika anaima pamenepo nthawi yaitali, suti ili pamkono. Sanandimenye, ndipo ndinkalakalaka akanangondimenya.

"Sesiliya, umafuna kuchotsa chiyani pamenepa?" anandifunsa.

"Ndimafuna iwale, bambo."

"Iwalire ndani?"

Ndinangokanda pansi ndi chala cha kuphazi.

Nkhungu ya mu Juni kwathu ku Dedza sichedwa kugwira ntchito yake. Kutacha, chitsulo chija chinali chitayamba kale kufiira ndi dzimbiri. Titaweruka kusukulu bambo anandipatsa sandipepa wosalala ndi beseni la madzi, nati ntchitoyo ndi yanga. Ndinapala dzimbiri lonse, tinapaka penti woyamba wotuwa uja amagwira chitsulo, kenako kudikira. Kudikirako ndiye kunkandipha. M'chisanu chimene chija penti sankauma msanga, ndipo Lachitatu ndinadinapo chala kuti ndione ngati wauma. Chidindo cha chala chinatsala pomwepo. Tinapalanso, n'kuyambiranso.

Lachisanu tinapaka buluu wa m'kachitini kamene bambo ankasunga m'kabati ya mabuku. Anali buluu yemweyo amene galimoto inabwera naye, kungoti wa m'chitiniyu anali asanaonepo dzuwa. Chigamba chija chinawala chokha pakati pa boneti yotuwa, moti unkachionera uli kumsewu.

Achemwali anatuluka m'nyumba, nayang'ana, nabwerera akulira. Madzulo omwewo ankhoswe anabwera kudzanena kuti mkwatibwi akwera galimoto ya akuchimuna. Bambo anangoti, "Chabwino, palibe kanthu."

Loweruka ife tinatsatira pambuyo, m'fumbi la anzathu. Pampando wakumbuyo, pomwe bambo anali atayalira mwana wawo nsalu yoyera yatsopano, anthu anasanjapo makireti a zakumwa. Ine ndinakhala kutsogolo, maso pansi, mpaka pachipata cha tchalitchi.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza moseka, ngati ya mwana wopupuluma amene sankadziwa kuti penti wokalamba amafuna dzanja lofewa. Zimenezo n'zoona, ndipo lero galimoto yanga yakale ndimaitsuka ndekha. Koma chimene ndachimvetsa nditakula chimandipweteka mpaka pano. Amene ndinkachita nawo manyazi anali bambo anga, ndipo iwo anazidziwa Lolemba lomwe lija. Komabe anaima nane panja pozizira masiku anayi, akundigwira dzanja kuti bulashi isanjenjemere, osatchulapo n'kamodzi komwe.