Mlamba wa Che Anusa

Chinayamba ndi kuzizidwa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Balaka likuswa mtengo, anzanga onse atavula malaya, koma ine mano akugundana. Ndinkapala thabwa mu shedi ya akalipentala a pa njanji, kumene ndinkagwira ntchito zaka zija nkhondo yaikulu itangotha. Mutu unkawawa ngati wina akukhomamo msomali, thupi lonse likuphwanya. Kapitawo atandiona anangoti ndikagone.

Ine ndine munthu wosakhulupirira zinthu msanga. Thabwa ndimaligogoda kaye ndisanalicheke, chifukwa chiswe chimadya mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Choncho ndisanafike n'komwe kunyumba ndinali nditayamba kale kudzifunsa kuti ndadya chiyani, ndipo ndadya kwa yani. Yankho silinali patali.

Loweruka la sabata yapitayo, titaweruka, tinakumana anthu atatu amene tinakulira limodzi kubusa mbuzi kwa Nsamala. Panali ine, panali Lukasi amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndiye panali Anusa, mnzathu wa Chiyao, Msilamu. Anusa anali atakhalitsa ku Halale. Atabwerako anakwatira kwa Mposa, nagula njinga, n'kuyamba kubweretsa nsomba za ku Chilwa pa msika wa Balaka. Malondawo anali akungoyamba kumene kugwira, ndipo ndiwo ankadyetsa banja lake. Tinali titatha zaka osakhala pamphasa imodzi.

Tinakhala pakhonde kwa Lukasi. Anusa anamasula mtolo pa njinga, natulutsa mlamba wowamba waukulu ndi mpunga wa kwawoko, n'kupereka kwa a Marita, akazi a Lukasi, kuti atiphikire. Podikira tinawerenga amene anamwalira ndi amene anakwatira. Tinakumbutsana za mbuzi imene tinaiotcha kutchire tili anyamata n'kunamizira fisi. Kenaka Lukasi, amene pakamwa pake sipatsekeka, anatulutsa ya Elina, mkazi wanga. Anusa ndiye anayamba kumufunsira kale, asanapite ku Halale.

"Unapita kukasaka nsalu, mnzako anatsala akusaka mkazi," anatero Lukasi. "Wabwera ndi nsalu, wapeza ana atatu!"

Tinaseka mpaka misozi. Anusa nayenso anaseka, koma nditagona pamphasa ndi malungo aja ndinayamba kukumbuka kuti anaseka ndi mano okha.

Kwathu wobweretsa chakudya ndiye amayamba kupisa dzanja m'mbale. Sitinena chifukwa chake, koma aliyense amachidziwa. A Marita anabwera ndi mphika wa ndiwo n'kupakulira pamaso pathu. Anusa anali atasamba kale m'manja. Anayang'ana mphikawo, nabweza dzanja.

"Idyani, abale anga. Ine m'mimba mwadzaza."

Tinamukakamiza, iye iyayi. M'malo mwake analoza mutu wa mlamba, nati umenewo ndi wanga, poti ndine wamkulu pa atatufe. Ndinaudya wonse n'kutsopa mafupa. Lukasi anadya kumchira, ndipo sanadwale.

Malungo anandigwira masiku angapo. Ndinkasanza, ndipo kuwala kwa pakhomo kunkandilasa m'maso. Kenaka tsiku lina ndinatuluka thukuta lonyowetsa mphasa, thupi n'kuzizira, ndinadzuka ndikufuna phala. Elina anaumirira kuti tipitebe ku chipatala cha mishoni. Tinayenda pang'onopang'ono, tinakhala pa benchi pansi pa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Wothandiza adokotala anandibaya chala, napaka magazi pa kagalasi, nalowa nako mkati. Atatuluka anandipatsa kwinini.

"M'magazimu sitinaonemo kanthu," anatero. "Thupi likatenthanso mubwere nthawi yomweyo. Musadikire kuti lizizire."

Mawu ake anali awiri, koma ine ndinanyamula oyamba okha. Ngati galasi la Azungu silinaone kanthu, ndiye kuti chinali chinthu chimene galasi siliona. Mlamu wanga Damiano, mchimwene wake wa Elina, anagwedeza mutu nditamuuza, nati ndulu ya ng'ona ndi mmene imachitira.

Ndinabwerera ku ntchito. Patangotha ngati sabata, kuzizidwa kuja kunabweranso, ndipo ulendo uno kunabwera ndi ukali. Maso anasanduka achikasu, m'mphuno munkatuluka magazi, ndipo pansi pa nthiti kumanzere kunatupa moti sindinkagonera mbali imeneyo. Damiano anapita kukaombeza. Wa ula sanatchule dzina. Anangoti ndi munthu wa kumadzi, woyenda pa njinga, wokhala ndi chakukhosi cha kalekale. Ngakhale ndinali wodwala ndinaona kuti zonsezi Damiano akanatha kumuuza yekha pomupatsa moni. Koma zinkagwirizana ndi zimene zinali kale mumtima mwanga, ndiye sindinatsutse.

Tsiku la msika Damiano anakaima kutsogolo kwa dengu la Anusa n'kukuwa kuti aliyense wofuna kufa agule pamenepo. Anati mlandu suwola, ndipo wakuba mkazi ndi wolandidwa mkazi sadyera mbale imodzi. Amayi ogula ndiwo anayamba kulambalala. Sabata yotsatira ana ankathamangira njinga yake akuimba za ng'ona. Ndinamva kuti nsomba ankabwerera nazo ulendo wonse uja mpaka kwa Mposa.

Anusa anabwera kunyumba kudzandiona. Ndinamva belu la njinga, kenaka mawu ake pabwalo.

"Odi! Ndamva kuti achimwene sali bwino."

"Mwabwera kudzaona ngati zatheka?" anayankha Damiano ali pakhomo.

Ine ndinali maso, ndipo mawu ndinali nawo. Ndinaganiza kuti ngati Anusa ndi wosalakwa aumirira kulowa, ndipo ngati abwerera ndiye kuti akudziwapo kanthu. Anabwerera. Dzina la munthu ine sindinalitchule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, zimenezo ndinene.

Anandimwetsa mankhwala a mizu osanzitsa, akuti chiphe chituluke. Chimene chinatuluka ndi mphamvu zanga zotsala. Thupi linazizira kachiwiri, Damiano nayamika mizu. Litatentha kachitatu, Elina sanafunsenso munthu. Anaitana anzanga a ku shedi, anandiika pa machila. Damiano atati jekeseni imapha munthu wodyetsedwa, mkazi wanga anamuyankha kuti, "Achimwene, akafa ndikhala wamasiye ndine, osati inu."

Tinafika thupi lili moto. Sanandiike pa benchi. Anatenga magazi nthawi yomweyo, nandigoneka m'chipinda chachitali cha amuna, chokhala ndi mabedi achitsulo mbali zonse ziwiri. Madzulo ake adokotala anabwera ndi wothandiza wawo uja womasulira. Anandifunsa ngati m'masabata apitawo ndinagonako m'nyumba yakale ya dothi imene anthu apaulendo amagonamo. Ndinali nditagonamo. Chakudya chija chisanachitike, anatituma kukakonza matabwa a kamlatho kumunsi kwa njanji, ndipo tinagona m'kanyumba kong'ambikang'ambika makoma. Tinadzuka tikudzikanda, koma munthu wa ntchito sawerengera zoluma.

"Ndi nkhufi," anatero adokotala. "Zimabisala m'ming'alu, zimaluma munthu ali m'tulo. Tizilombo take timaoneka m'magazi pokhapokha thupi likutentha. Likazizira timabisala."

Ndinafunsa ngati chiphe sichingachite chimodzimodzi. Womasulira anamwetulira asanamasulire.

"Chiphe sichipita ku tchuthi sabata yathunthu n'kubweranso," anayankha adokotala.

Ndinaona ngati akungodziteteza, poti ulendo woyamba galasi lawo linalephera. Chimene chinandigonjetsa ndi bedi lachitatu kuchokera pa langa. Panagona a Fulaye, mmodzi wa amene tinagona nawo m'kanyumba kaja, maso achikasu ngati anga, akudwala kachitatu ngati ine. A Fulaye sankamudziwa Anusa, ndipo mlamba sadya, amati umawatulutsa ziwengo. Ndinawafunsa kawiri, tsiku lina ndi linzake, kuti ndione ngati asinthe mawu. Sanasinthe.

Asanandibaye jekeseni, asisitere anachenjeza Elina kuti ndiyamba ndaipiraipira ndisanapeze bwino, ndipo asathamange nane kumudzi. Zinachitikadi. Ndinanjenjemera mpaka bedi kulira, mtima ukuthamanga, kenaka thukuta, kenaka kufooka koti sindikanatha kukweza dzanja. Elina anandiuza pambuyo pake kuti anagwira chitsulo cha bedi n'kumangoti Damiano ananena. Asisitere ankabwerabwera kudzandigwira pamkono ndi kundimwetsa madzi a shuga ndi sipuni. M'mawa mwake ndinadzuka mutu uli mbee.

Anandisunga masabata angapo kuti aone ngati malungo abwerenso. Moyo wa m'chipatala ndi wodikira. Belu la m'mawa, pemphero, kagalasi koyezera kutentha m'kamwa, phala, kenaka kudikira adokotala. Odwazika ankaphikira m'kashedi kuseri, akukanganirana mafuwa. Masana tinkatuluka kukaothera dzuwa pakhonde, aliyense akufotokoza amene anamulodza. Ndinazindikira kuti m'chipinda chonsecho munalibe munthu wodwala yekha popanda womuganizira. Chikasu cha m'maso chinatha pang'onopang'ono, chotupa cha m'nthiti chinaphwa, ndipo ndinayamba kuyenda mpaka pa mango paja osapumira.

Lamulungu lina kunabwera Lukasi ndi a Marita. Lukasi atatuluka kukasuta, a Marita anakhala pansi pafupi ndi bedi, maso ali pansi.

"Alamu, pali chimene chikundidya," anatero. "Mphika uja ndinaphikira mlamba, m'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditaphikiramo nguluwe. Mafuta ake otsala ndi amene ndinathira m'ndiwo. Che Anusa anaona chikopa cha nguluweyo chili padenga la khitchini, ndipo fungo analimva. Powaperekeza anandinong'oneza kuti ndisadandaule, sanafune kundichititsa manyazi pamaso pa amuna anga ndi alendo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere nthawi yonseyi.

"Ndinaopa. A Damiano akanamva kuti nkhani ili pa mphika, akanati wothira ndine."

Sindinawakalipire. Ndinangomva chisoni chachikulu, chifukwa nkhumba ya mtundu uliwonse kwa Msilamu ndi haramu, yoletsedwa, ndipo zimenezi ndazidziwa kuyambira tili kubusa.

Nditatuluka m'chipatala, Damiano anati Azungu achiza zawo koma utsi sufuka popanda moto. Ku msika ndinauza aliyense amene anafuna kumva za nkhufi ndi za mphika. Ankavomera ndi mutu, koma ndinkaona kuti nkhani ya ndulu ya ng'ona inkawakomera kuposa yangayi. Anusa anali atasiya kubwera.

Mvula itayamba, miyendo italimba, ndinabwereka njinga ya Lukasi, ndinaoloka Shire pa Liwonde, ndinakafika kwa Mposa. Ndinamupeza akusoka ukonde wa munthu wina pansi pa mtengo. Njinga yake inali itatsamira khoma, matayala ataphwa. Anandiyalira mphasa, nafunsa za Elina ndi ana mmodzimmodzi. Ndinafotokoza zonse, kuyambira kanyumba kaja mpaka a Marita. Anamvetsera osandidula, manja ali pa ukonde.

"Alihamudulillahi kuti mwachira," anatero nditamaliza. "Koma achimwene, munafunsa wa ula, munafunsa adokotala, munafunsa ngakhale munthu wa pa bedi lina. Ine ndinafika pakhomo panu ndi miyendo yanga. Bwanji simunandifunse?"

Ndinamupempha kuti abwerere ku msika, ndipo ndidzaima naye pa dengu tsiku lonse. Anapukusa mutu, nati madzi akatayika saoleka, ndipo munthu wogulitsa chakudya amagulitsa dzina lake, nsomba zimangotsatira.

Nthawi ya chakudya inakwana, utsi unkatuluka kukhitchini, koma madzi osamba m'manja sanabwere. Anusa analowa m'khola, natuluka ndi tambala wamkulu, namumanga miyendo, n'kumupachika yekha pa chiwongolero cha njinga yanga.

"Mlendo sabwerera chimanjamanja," anatero. "Ameneyu ndi wamoyo, mukumuona ndi maso anu. Mukazinge nokha kwanu, akakuphikireni akazi anu."

Lero ndili bwino. Malungo aja sanabwerenso, ndipo ndimagwira ntchito tsiku lonse ngati kale. Pa ulendo sindigona m'nyumba ya ming'alu, bola panja, ndipo makoma a nyumba yanga ndimawamata chaka ndi chaka. Kwa inu amene thupi likutentha n'kuzizira, n'kutenthanso, ndikuti pitani ku chipatala likadali lotentha, ndipo akakuuzani kuti mubwerenso, bwereraninso. Musatsatire ine amene ndinagona pamphasa masabata onse aja. Munthu akachedwa pamphasa, abale amayamba kufunafuna dzina, ndipo dzina limapezeka msanga kuposa matenda. Ine jekeseni inandichiza. Anusa mpaka lero akusoka maukonde a anthu ena.